Mapu a m'foni: momwe amadziwira pomwe muli ndi njira yoti mudzere

Masiku ano munthu akafika mumzinda wachilendo sachita kuimitsa aliyense wodutsa kuti amulondolere njira. Amangotulutsa foni m'thumba n'kulemba dzina la komwe akupita, ndipo posakhalitsa pamaoneka mzere wosonyeza msewu woti adzere, kutalika kwa ulendo komanso nthawi yomwe akafike. Oyendetsa matakisi, operekera katundu m'makomo, azaumoyo ndi mabungwe othandiza pangozi zogwa mwadzidzidzi onse adayamba kudalira luso limeneli.

Komabe mapu amenewa si chithunzi cha dziko chomwe makina amajambula paokha. Ndi nkhokwe ya manambala ndi mayina omwe anthu adasonkhanitsa, ndipo pulogalamu ya pakompyuta imangowerenga zomwe zili m'nkhokwemo. Pomwe anthu adalembamo zolondola, mapu amalondolera bwino. Pomwe sadalembemo kanthu, kapena adalemba kalekale zinthu zisadasinthe, mapu amasocheretsa ngakhale foni ikhale yodula chotani. Kumvetsa zimenezi kumathandiza munthu kudziwa nthawi yoyenera kukhulupirira foni ndi nthawi yoyenera kufunsa eni dera.

Zinthu zitatu zogwirira ntchito limodzi

Chomwe ambiri amangochitchula kuti GPS kwenikweni ndi zinthu zitatu zosiyana. Choyamba ndi njira yodziwira pomwe foni kapena galimoto ili, ndipo imeneyi imadalira masetilaiti omwe amazungulira dziko mumlengalenga. Chachiwiri ndi nkhokwe ya zonse zokhudza malo, monga misewu, milatho, mitsinje, malire a maboma, nyumba, zipatala, sukulu ndi misika, pamodzi ndi mayina ake. Chachitatu ndi pulogalamu yomwe imalumikiza ziwirizi, kujambula mapu pagalasi la foni ndi kuwerengetsa njira. Google Maps, Apple Maps, Waze, HERE WeGo ndi OsmAnd ndi ena mwa mapulogalamu otere.

Kusiyanitsa zitatuzi n'kofunika chifukwa masetilaiti sadziwa msewu ngakhale umodzi. Ntchito yake ndi kuthandiza foni kupeza manambala a pamalo pomwe yaima basi. Foni ikakulondolerani kumlatho womwe udakokoloka chaka chatha, cholakwika chili m'nkhokwe, osati mumlengalenga.

Palinso gulu lina la mapulogalamu lomwe cholinga chake si kulondolera apaulendo koma kuunika malo. Akatswiri amalitcha Geographic Information System, mwachidule GIS. Pogwiritsa ntchito mapulogalamu amenewa, khonsolo ikhoza kuona midzi yomwe ili kutali ndi chipatala, ndipo bungwe logawa madzi likhoza kudziwa momwe mapaipi ake adadutsa. Odziwika kwambiri ndi ArcGIS, yomwe imagulitsidwa, ndi QGIS yomwe ndi yaulere.

Manambala awiri a malo alionse

Kompyuta siimva malangizo onena kuti nyumba ili kuseri kwa msika. Imafuna manambala, ndipo malo alionse padziko lapansi ali ndi manambala awiri. Nambala yoyamba, yotchedwa latitude, imanena kutalika kwa malowo kuchokera pa Equator, mzere wongoyerekeza womwe umagawa dziko pakati, kupita kumpoto kapena kummwera. Yachiwiri, yotchedwa longitude, imanena kutalika kuchokera pamzere wodutsa ku Greenwich mumzinda wa London, kupita kummawa kapena kumadzulo. Mzere wa Greenwich udasankhidwa pamsonkhano wa maiko womwe udachitikira ku Washington mu 1884.

Manambalawa amawerengedwa m'madigiri. Mzinda wa Lilongwe uli pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa Equator ndi madigiri 34 kummawa kwa Greenwich, pomwe Blantyre ali pafupifupi madigiri 16 kummwera ndi 35 kummawa. Digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111, choncho pofuna kuloza khomo la nyumba pamafunika manambala enanso asanu kuseri kwa kadontho. M'mapulogalamu, malo a kummwera kwa Equator amalembedwa ndi chizindikiro chochotsera patsogolo. Munthu akaiwala kachizindikiro kameneka polemba manambala a Lilongwe, mapu amamuonetsa malo a m'dziko la Sudan.

Popeza dziko silobulungira ndendende ngati mpira, oyeza malo amayamba agwirizana kaye za muyeso wa maonekedwe ake. GPS imagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa WGS 84, pomwe mapu ambiri akale a chigawo chino cha Africa, kuphatikizapo a dziko lino, adajambulidwa potsatira muyeso wa Arc 1950. Manambala amodzimodzi akawerengedwa m'miyeso iwiriyi amaloza malo otalikirana ndi mamita oposa 100. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe mkangano wa malire a puloti kapena munda sungathe poyerekeza manambala a m'foni ndi a papepala lakale la malo. Imeneyo ndi ntchito ya woyeza malo wovomerezeka.

Momwe foni imadziwira pomwe ili

GPS, yomwe dzina lake lonse ndi Global Positioning System, idakhazikitsidwa ndi unduna wa zachitetezo wa dziko la America. Ntchitoyi idayamba mu 1973, setilaiti yoyamba idaulutsidwa mu 1978, ndipo mu 1995 dongosolo lonse la masetilaiti 24 lidalengezedwa kuti lakwanira. Masetilaitiwa amauluka pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 ndipo iliyonse imazungulira dziko kawiri patsiku.

Setilaiti iliyonse ili ndi wotchi yosataya nthawi, ndipo mosalekeza imaulutsa uthenga wonena pomwe ili komanso nthawi yomwe uthengawo wanyamuka. Uthenga umenewu umayenda paliwiro la kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pasekondi. Foni ikaulandira imawerengetsa nthawi yomwe watenga panjira, n'kudziwa kutalika kwa pakati pa iyo ndi setilaitiyo.

Kudziwa kutalika kuchokera kumalo amodzi sikukwanira. Munthu wouzidwa kuti ali pamtunda wakutiwakuti kuchokera ku Zomba akhoza kukhala mbali iliyonse ya mzindawo. Akauzidwanso kutalika kwake kuchokera ku Mangochi, malo omwe angakhalepo amatsala awiri, ndipo akawonjezera kutalika kuchokera ku Ntcheu amatsala amodzi. Foni imachita chimodzimodzi ndi masetilaiti atatu. Imafunanso yachinayi yokonzera nthawi chifukwa wotchi ya m'foni siyodalirika mokwanira: kuphonya ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi kumasuntha malo ndi mamita 300.

Poyamba luso limeneli lidali la asilikali. Mu 1983, ndege ya kampani ya Korean Air Lines itasochera n'kulowa mumlengalenga mwa Soviet Union komwe idaphulitsidwa n'kupha anthu 269, mtsogoleri wa America panthawiyo, Ronald Reagan, adalengeza kuti GPS idzaloledwa kwa anthu wamba. Ngakhale zidali choncho, uthenga wa anthu wamba unkasokonezedwa dala moti unkaphonya mpaka mamita 100. Kusokonezako kudathetsedwa mu May 2000 muulamuliro wa Bill Clinton. Lero foni yabwino ikakhala pamtetete imaphonya ndi mamita pafupifupi asanu, koma pakati pa nyumba zosanja, m'nkhalango yowirira kapena m'nyumba ya malata kuphonyako kumakula.

Maiko enanso ali ndi masetilaiti awo: Russia ili ndi GLONASS, China ili ndi BeiDou, ndipo maiko a mu European Union ali ndi Galileo. Mafoni ambiri atsopano amamvetsera magulu angapo panthawi imodzi, komanso amadzithandiza ndi nsanja za netiweki ndi Wi-Fi kuti apeze malo msanga. Chofunika kudziwa n'choti foni imangolandira uthenga wa masetilaitiwa, siyankha. GPS payokha siidya bandulo ya intaneti. Chomwe chimadya bandulo ndi kukoka mapu, ndipo munthu akawasunga m'foni asadanyamuke amayenda nawo ngakhale kumalo kopanda netiweki.

Momwe msewu umasungidwira m'kompyuta

Zokhudza malo zimasungidwa m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya zithunzi zojambulidwa ndi ndege kapena masetilaiti. Chithunzi chimaonetsa madenga, minda ndi mitengo, koma kompyuta siingadziwe kuchokera pachithunzi chokha dzina la msewu kapena ngati galimoto zimaloledwa kukhotera kumanja. Njira yachiwiri, yomwe ndiyo maziko a mapu a misewu, imagwiritsa ntchito timadontho, mizere ndi zigawo zotsekeka. Mjigo kapena siteji ya basi ndi kadontho, msewu kapena mtsinje ndi mzere wolumikiza timadontho tambiri, pomwe nyanja, nkhalango kapena boma ndi chigawo chotsekeka.

Chilichonse mwa zimenezi chimakhala ndi mbiri yake yolembedwa. Pa msewu pamalembedwa dzina, nambala monga M1 kapena M5, ngati ndi wa tala kapena wafumbi, liwiro lololedwa, ngati galimoto zimayenda mbali imodzi yokha, ndiponso kulemera komwe mlatho ungapirire. Zinthu zofanana zimaikidwa m'magulu osanjikizana, misewu paokha, mitsinje paokha, malire paokha, kotero kuti wogwiritsa ntchito akhoza kuonetsa gulu lomwe akufuna n'kubisa lina.

Mapu a dziko lonse sangakwane m'foni nthawi imodzi, motero amadulidwa m'tizidutswa tating'ono ndipo foni imakoka tokhato tomwe tikufunika pagalasi. Mapu ambiri a pa intaneti amayala dziko potsatira njira yomwe Gerardus Mercator adatulukira mu 1569. Njirayi imasunga bwino maonekedwe a mphambano ndi makhotedwe a misewu, koma imakuza maiko omwe ali kutali ndi Equator. N'chifukwa chake chilumba cha Greenland chimaoneka ngati chikulingana ndi Africa, chonsecho Africa ndi wamkulu kuchiposa pafupifupi ka 14.

Kusankha njira

Pofuna kupeza njira, pulogalamu imaona misewu ngati ukonde. Mphambano ndiwo mfundo za ukondewo, ndipo chigawo chilichonse cha msewu pakati pa mphambano ziwiri chimapatsidwa mtengo wake, womwe ukhoza kukhala kutalika kapena nthawi yoyenda. Wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe akhoza kudzera pa Zalewa, kapena kuzungulira ku Zomba, Liwonde ndi Balaka n'kudzakumananso ndi msewu wa M1 pa Chingeni. Pulogalamu imaphatikiza mitengo ya zigawo zonse za njira iliyonse n'kusankha yomwe yachepa.

Kuyesa njira iliyonse payokhapayokha kukadatenga nthawi yosaneneka. Katswiri wa masamu ndi makompyuta wa ku Netherlands, Edsger Dijkstra, adapeza njira yachidule mu 1956 ndipo adaisindikiza mu 1959. Ndondomeko yake imayambira pomwe munthu ali n'kumafalikira kunja, nthawi zonse ikuyamba yaunika mphambano yapafupi kwambiri mwa zomwe zatsala, mpaka itafika komwe akupita. Mu 1968 akatswiri atatu a ku Stanford Research Institute ku California adawonjezerapo luso loti kufufuzako kuzilunjika mbali yomwe kuli ulendo. Mapulogalamu a masiku ano amawerengetseratu njira za misewu ikuluikulu, n'chifukwa chake yankho limabwera m'kanthawi kochepa.

Njira yaifupi si nthawi zonse imakhala yachangu, ndipo yachangu si nthawi zonse imakhala yabwino. Wogwiritsa ntchito akhoza kuuza pulogalamu kuti akuyenda pansi, panjinga kapena pagalimoto, kapenanso kuti ipewe misewu yolipiritsa monga ya pa Chingeni ndi Kalinyeke. Koma ngati m'nkhokwe simudalembedwe kuti msewu wina ndi wafumbi ndipo umaterera nthawi ya dzinja, pulogalamu idzausankha mosakaika chifukwa pamanambala ukuoneka waufupi.

Mitundu yobiriwira, yachikasu ndi yofiira yosonyeza kuchulukana kwa galimoto imachokera kwenikweni kumafoni a anthu omwe ali pamsewupo. Mafoni ambiri akamayenda pang'onopang'ono pamalo amodzi, kompyuta imaganiza kuti pali mdipiti wa galimoto. Mu 2020 katswiri wa zaluso wa ku Germany, Simon Weckert, adaika mafoni 99 m'kangolo n'kumakakoka m'misewu ya mumzinda wa Berlin, ndipo Google Maps idaonetsa misewu yopanda galimoto ngati yodzaza.

Mbiri yake mwachidule

Nzeru yoika chidziwitso pamapu pofuna kupeza yankho ndi yakale kuposa makompyuta. Mu 1854 dotolo wa ku London, John Snow, adalemba pamapu nyumba za anthu omwe adamwalira ndi kolera m'dera la Soho, ndipo zidaoneka kuti ambiri adali pafupi ndi pampu imodzi ya madzi mumsewu wa Broad Street.

GIS yoyamba ya pakompyuta idapangidwa ku Canada m'zaka za m'ma 1960 motsogozedwa ndi Roger Tomlinson, pofuna kusunga kaundula wa nthaka ya dzikolo. Mu 1969 Jack ndi Laura Dangermond adakhazikitsa kampani ya Esri ku Redlands, California, yomwe lero imapanga ArcGIS. Nalo bungwe la kalembera wa anthu ku America lidathandiza kwambiri posunga misewu ya dzikolo m'kompyuta, makamaka kudzera m'nkhokwe yotchedwa TIGER yomwe idakonzedwera kalembera wa 1990.

Zipangizo zolondolera galimoto zidayamba GPS isadafike kwa anthu wamba. Kampani ya Honda idatulutsa chake ku Japan mu 1981, ndipo mu 1985 kampani ya Etak ku America idatulutsa china chomwe chinkasunga mapu m'makaseti n'kumawerengetsa malo potengera kuzungulira kwa matayala ndi kampasi. M'zaka zomwezo kudabadwa makampani awiri omwe ntchito yawo idali kusonkhanitsa ndi kugulitsa mapu a misewu, Tele Atlas ku Netherlands ndi Navteq ku America. Mu 2008 TomTom idagula Tele Atlas ndipo Nokia idagula Navteq, yomwe pambuyo pake idasanduka HERE. Mu 2015 HERE idagulidwa ndi makampani a galimoto a Audi, BMW ndi Daimler.

Pa intaneti, MapQuest idayamba kupereka mapu mu 1996. Google Maps idatuluka mu February 2005, itachokera ku kakampani ka mumzinda wa Sydney ku Australia komwe mwa eni ake mudali abale awiri a ku Denmark, Lars ndi Jens Rasmussen. Mu 2007 Google idayamba kuonetsa zithunzi za m'misewu kudzera mu Street View, ndipo mu 2013 idagula Waze ya ku Israel. Apple idatulutsa mapu ake mu 2012, koma adali ndi zolakwika zambiri moti mkulu wa kampaniyo, Tim Cook, adapepesa poyera. Nkhani imeneyi idaonetsa kuti kulemba pulogalamu n'kosavuta poyerekeza ndi kusonkhanitsa chidziwitso cholondola cha misewu ya dziko lonse.

Amajambula ndani?

Zolowa m'nkhokwe zimachokera kumagwero anayi. Gwero loyamba ndi maboma, kudzera m'nthambi zoyeza malo, za misewu ndi za kalembera. Lachiwiri ndi zithunzi za ndege ndi masetilaiti, zomwe anthu kapena makompyuta amatsatira pojambula misewu ndi nyumba. Lachitatu ndi galimoto za makampani zomwe zimayenda ndi makamera kujambula zikwangwani ndi mphambano. Lachinayi ndi anthu wamba, omwe amawonjezera malo, kukonza mayina ndi kusiya mkwasa wa momwe adutsa ndi mafoni awo.

Makampani amaika ndalama zambiri komwe kuli msika waukulu, choncho mizinda ya maiko olemera imajambulidwa mwatsatanetsatane pomwe midzi yambiri ya mu Africa imatsalira. Mpata umenewu ukutsekedwa pang'onopang'ono ndi OpenStreetMap, mapu omwe Steve Coast adayambitsa ku Britain mu 2004. Aliyense akhoza kulembetsa, kujambulamo msewu wa kwawo ndi kugwiritsa ntchito zonse zili m'menemo kwaulere, bola atchule komwe wazitenga.

Kufunika kwa mapu otere kudaonekera chivomerezi chitagwedeza dziko la Haiti mu January 2010. Anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana adajambula misewu ya mzinda wa Port-au-Prince kuchokera pazithunzi za masetilaiti m'masiku owerengeka, ndipo opulumutsa anthu adagwiritsa ntchito mapuwo. M'chaka chomwecho kudakhazikitsidwa bungwe la Humanitarian OpenStreetMap Team. Mu 2014 bungweli lidagwirizana ndi Médecins Sans Frontières komanso mabungwe a Red Cross a ku America ndi Britain kuyambitsa ntchito ya Missing Maps, yojambula madera omwe ali pachiopsezo ngozi isadagwe.

Vuto la adiresi

Munthu akalemba dzina la malo, pulogalamu imayenera kulisandutsa manambala awiri aja. M'maiko momwe msewu uliwonse uli ndi dzina ndipo nyumba iliyonse ili ndi nambala, ntchitoyi ndi yosavuta. Kuno kwathu ambiri amalondolerana ndi zizindikiro: mukatsike pachigayo, mukhotere kumanzere pamtengo wa mango, nyumba yachitatu ya geti lakuda. Mumzinda wa Lilongwe madera ali ndi manambala, koma manambalawo satsatana monga momwe maderawo adayalidwira, ndipo kungotchula Area 25 kapena Area 36 sikufikitsa mlendo pakhomo. Bungwe la Malawi Communications Regulatory Authority lakhala likutsogolera ntchito yopereka mayina a misewu ndi manambala a nyumba pofuna kuthetsa vutoli.

Palinso njira zina zomwe zidakonzedwera madera opanda adiresi. Plus Codes ya Google imafupikitsa latitude ndi longitude kukhala kagulu ka zilembo ndi manambala. Kampani ya what3words ya ku London idagawa dziko lonse m'tizigawo ta mamita atatu mulitali ndi atatu mulifupi, kalikonse n'kukapatsa mawu atatu. Komabe njira yomwe yafala kwambiri m'matauni ndi yotumizirana pomwe munthu ali kudzera pa WhatsApp, yomwe kwenikweni imangotumiza manambala awiri omwewo.

Mapu a dziko lino

Mapu ovomerezeka a dziko la Malawi ali m'manja mwa nthambi yoyeza malo ya Department of Surveys, yomwe ili pansi pa unduna wa zamalo. Ambiri mwa mapu akale apapepala adajambulidwa kuchokera pazithunzi za ndege mothandizidwa ndi nthambi ya boma la Britain ya Directorate of Overseas Surveys. Masiku ano kuli nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa Malawi Spatial Data Platform, mwachidule MASDAP, komwe nthambi za boma ndi mabungwe amagawana zokhudza malo. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 adagwiritsa ntchito timakompyuta tam'manja m'malo mwa mapepala.

Kusefukira kwa madzi ndiko kwaonetsa kwambiri kufunika kwa mapu olondola. Madzi atasefukira ku Nsanje ndi Chikwawa mu January 2015, ndiponso panthawi ya namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu March 2023, opereka thandizo ankafunika kudziwa komwe kuli midzi, sukulu zosungirako anthu ndi misewu yomwe idakali yodutsika. Mudzi womwe suli pamapu umavuta kuuwerengera pokonza ndondomeko ya thandizo. Pa luso lojambula kuchokera mumlengalenga, boma ndi bungwe la Unicef adatsegula malo oyeserako ndege zouluka popanda munthu mkati ku Kasungu mu 2017, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kudatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata ntchito imeneyi.

Pomwe mapu amaphonya

Cholakwika chofala kwambiri ndi kukalamba kwa chidziwitso. Msewu watsopano ukamangidwa, kapena mphambano ikasinthidwa monga momwe zidachitikira pa Area 18 ku Lilongwe, pamapita nthawi kuti nkhokwe zonse zikonzedwe. Mayina nawo amasokoneza. Mangochi ankatchedwa Fort Johnston, Nsanje adali Port Herald, Mchinji adali Fort Manning, ndipo Thyolo ankalembedwa kuti Cholo. Midzi yambiri imadziwika ndi dzina la mfumu, ndipo dzina limodzi likhoza kupezeka m'maboma angapo. Nzeru ndi kuyamba mwaona boma lomwe pulogalamu yasankha musadalize galimoto.

Malire a maiko ndi nkhani ina yovuta. Mu 2010 mzere wolakwika pa Google Maps udatchulidwa pamkangano wa malire pakati pa Nicaragua ndi Costa Rica, ndipo kampaniyo idavomera kuti idalakwitsa. Kuno nako, dziko la Malawi limanena kuti malire ake ndi Tanzania ali m'gombe la kummawa kwa nyanja potsatira pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, pomwe Tanzania imanena kuti ali pakati pa nyanja. Mzere womwe kampani yajambula pafoni si chigamulo cha bwalo la milandu.

Chinsinsi cha komwe munthu amayenda

Mbiri ya malo omwe foni yadutsa imaulula zambiri: komwe munthu amagona, komwe amagwira ntchito, komwe amapemphera ndi chipatala chomwe amapitako. Kumayambiriro kwa 2018 zidadziwika kuti mapu omwe kampani ya Strava idatulutsa, osonyeza njira za anthu othamanga ndi okwera njinga, adaonetsanso malo ndi mayendedwe a m'misasa ya asilikali ku Afghanistan ndi Syria. Ngakhale mayina achotsedwe, foni yomwe imagona panyumba imodzi usiku uliwonse siivuta kudziwa mwini wake.

Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, koma chitetezo choyamba chili m'manja mwa mwini foni. Mafoni amapereka mwayi wosankha mapulogalamu omwe angaone pomwe munthu ali, komanso wolola zimenezi pokhapokha pulogalamuyo ikugwiritsidwa ntchito. Pulogalamu ya tochi kapena ya masewero ilibe chifukwa chodziwira komwe mwini wake wagona.

Zoyenera kukumbukira paulendo

Wopita kutali achite bwino kusunga mapu m'foni adakali pomwe pali netiweki, kuona njira yonse asadanyamuke, ndi kukayikira njira yachidule yomwe ikuchoka pamsewu wa tala, makamaka nthawi ya mvula. Woyendetsa galimoto asagwire foni ali pachiwongolero. Aiike pomwe angamve mawu ake, kapena apatse yemwe wakhala naye. Yemwe wapeza cholakwika akhoza kuchikonza: Google Maps ili ndi malo operekera madandaulo ndi kuwonjezera malo osowa, ndipo pa OpenStreetMap munthu amakonza yekha. Sitolo, chipatala kapena mlatho wa kwanu zidzaoneka pamapu pokhapokha wina atazilembamo, ndipo odziwa bwino dera ndi eni ake. Pomwe mapu ndi maso zatsutsana, akuluakulu adanena kale kuti kufunsa ndi kudziwa njira.